Phunziro: Tifunse Kaye Tisanaphunzitse Akuluakulu Chingerezi

 

Phunziro la ulendo uno labwera chifukwa cha pempho limene takhala tikulimva kawirikawiri tikamayendera magulu kuno ku Phalombe. Amayi amene anamaliza sukulu ya kwacha, amene tsopano amalemba okha dzina lawo ndi kuwerenga kalata ya m'Chichewa, akumatifunsa kuti: "Nanga Chingerezi mutiyambitsa liti?" Ena mwa iwo ndi a geni pamsika wa Migowi ndi wa Chiringa, ena amagwira ntchito m'nyumba za anthu, ena ndi odzipereka m'makomiti a zaumoyo ndi a sukulu. Onsewa ndi anthu otanganidwa. Akapatula maola awiri masana kuti akhale pabenchi, ndiye kuti asiya thebulo la tomato m'manja mwa mwana, kapena asiya khasu kudimba. Tikawapatsa phunziro losawathandiza tawadyera nthawi, ndipo nthawi imeneyo ndiyo ndalama ya ndiwo za tsikulo.

Choncho tikambirana za chida chimodzi chosalira ndalama zambiri, ndicho pepala la mafunso. Ndi pepala limene timalembapo mafunso ochepa, ofanana kwa aliyense, n'kufunsa anthu mmodzimmodzi, kenaka n'kuwerengera mayankho awo. Limagwira ntchito kawiri: poyamba tisanalembe maphunziro, kuti tidziwe choti tiphunzitse, ndipo kachiwiri titaphunzitsa, kuti tidziwe ngati zimene tinalembazo zinathandiza. Mafunso a mtundu umenewu munawamva kwa anyamata ndi atsikana a kalembera wa mu 2018, amene anapeza kuti boma lathu lino lili ndi anthu opitirira 400,000. Athu ndi ochepa chabe, koma nzeru yake ndi yomweyo.

MMENE TINAPHUNTHWIRA IFE

Tiyambe ndi kuulula kulakwa kwathu. Gulu lathu litagwirizana zoyambitsa kalasi ya Chingerezi, sitinafunse munthu aliyense. Tinangoti Chingerezi ndi Chingerezi basi. Tinabwereka mabuku akale a ana a ku pulayimale, mphunzitsi wina wopuma pantchito anadzipereka, ndipo tsiku loyamba mabenchi anachepa. Amayi anayamba kubwereza mokweza mayina a nyama ndi ziwalo za thupi. Tikawafunsa potuluka kuti zikuyenda bwanji, onse ankati: "Zikuyenda bwino, mayi, tikuthokoza." Mwezi wachiwiri mabenchi anayamba kutsala. Pofika mwezi wachitatu tinatsala ndi anthu owerengeka, ndipo ife tinayamba kunong'onezana kuti amayi a kuno ndi aulesi.

Choona tinakachimvera kumjigo, osati m'kalasi. Mayi wina wogulitsa nandolo ndi mpendadzuwa anatiuza mosapsatira: "Mayi, dzina la galu ndi la mphaka m'Chingerezi ndikagula nalo chiyani? Ine vuto langa ndi foni. Ukalowa uthenga wa ndalama ndimapereka kwa mnyamata wa pagolosale kuti andiwerengere, ndiye mudzi wonse umadziwa zimene zili m'thumba mwanga." Tinachita manyazi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ife phulalo tinadyetsa anzathu.

Manyaziwo anakula chifukwa ena a ife tinakhala zaka zambiri pantchito ya unamwino. Kuchipatala wodwala akalowa, suthamangira kutsegula botolo la mankhwala. Umayamba wamufunsa: chikupweteka n'chiyani, chinayamba liti, mwamwa kale chiyani, kodi ndinu oyembekezera? Ukamupatsa mankhwala umamuuzanso tsiku loti adzabwerenso, kuti udzaone ngati agwira ntchito. Namwino amene angamapereke mankhwala a malungo kwa aliyense wolowa pakhomo, ati chifukwa malungo ndiwo ochuluka, sangachedwe kuchotsedwa ntchito. Koma zimenezo ndi zomwe ife tinachita ndi Chingerezi.

CHINGEREZI CHAKE CHITI?

Kuphunzitsa akuluakulu si nkhani yachilendo pakati pathu. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya sukulu za kwacha m'chaka cha 1986, ndipo ambiri a inu mukulikumbukira buku la Chuma ndi Moyo. Bungwe lathu la Mothers' Union nalonso linayamba ntchito yophunzitsa kulemba, kuwerenga ndi chitukuko m'chaka cha 2000 m'mayiko atatu: Burundi, Sudan ndi Malawi. Maphunziro otere amayambira m'chiyankhulo chimene munthu amachimva, ndipo n'koyenera kutero. Koma sukulu yaulere ya pulayimale inabwera mu 1994, ambiri a msinkhu wathu atakwatiwa kale, ndipo dziko limene tikukhalamoli limalemba zinthu zake zambiri m'Chingerezi: fomu ya kubanki, lipoti la mwana la kusukulu, pepala la pabotolo la mankhwala a mbewu, buku la kuchipatala. Ngakhale malamulo aakulu a dziko lino amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Tsono mayi akapempha Chingerezi tisamuyese wodzitukumula. Watopa ndi kuwerengeredwa zinthu zake ndi anthu ena.

Aphunzitsi awiri a ku England, Tom Hutchinson ndi Alan Waters, m'buku lawo la mu 1987 lonena za Chingerezi chophunzirira ntchito, anasiyanitsa zinthu zitatu zimene wokonza maphunziro ayenera kuzidziwa. Pali zimene ntchito ya munthuyo imafuna kuti azidziwe. Pali zimene akuperewera, tikachotsera zomwe akudziwa kale. Ndipo pali zimene mtima wake ukulakalaka. Titenge mayi wodzipereka pa sikelo ya ana. Ntchito yake imafuna kuti athe kudzaza kaundula amene mitu yake ili m'Chingerezi. Manambala amawadziwa bwino, chimene chimamusowa ndi mawu a pamwamba pa mizere aja. Koma mtima wake uli kwina: akufuna kucheza pafoni ndi mdzukulu wake amene anabadwira ku Johannesburg, yemwe Chichewa sachimva kwenikweni. Tikangomuphunzitsa za kaundula, adzatopa nafe. Tikangomuphunzitsa malonje, adzabwera mokondwa koma kusikelo adzavutikabe. Pepala lathu liyenera kufunsa zitatu zonsezi.

KALEMBEDWE KA MAFUNSO

Mafunso akhale m'Chichewa chapafupi, ndipo kumene achikulire azolowera Chilomwe, wofunsayo akhale womva Chilomwe. Zimaseketsa koma zimachitika ndithu, kuti munthu amene akubwera kudzaphunzira Chingerezi amapatsidwa fomu ya m'Chingerezi kuti afotokoze vuto lake. Mafunso asapitirire 10 kapena 12, akwane patsamba limodzi. Mayi wa geni mukamusunga nthawi yaitali, mayankho ake omaliza amakhala ongofuna kuti muchoke.

Mfundo yaikulu pa zonse ndi iyi: musafunse maganizo a munthu, funsani zimene zinamuchitikira. Mukati, "Kodi Chingerezi n'chofunika?" aliyense adzati inde, ndipo mudzabwerera kunyumba ndi mulu wa ma inde wopanda ntchito. Koma mukati, "Tsiku lomaliza limene munakumana ndi zolembedwa m'Chingerezi n'kusowa chochita, kunali kuti? Munatani? Anakuthandizani ndani?" munthu amayamba kukumbukira, ndipo nkhani imatuluka yokha. Izi tinaziphunzira kuchipatala. Ukafunsa wodwala kuti, "Mankhwala aja mukumwa bwinobwino?" amati inde. Ukamufunsa kuti, "Dzulo usiku munamwa nthawi yanji? Tabweretsani otsalawo tiwerenge," m'pamene umadziwa choona. Sikuti wodwalayo ndi wabodza ayi. Amangofuna kuti usakhumudwe.

Funso lililonse lifunse chinthu chimodzi. Lakuti, "Kodi mumavutika kuwerenga ndi kuyankhula Chingerezi?" ndi mafunso awiri atafunda nsalu imodzi. Mayi amene anagwirapo ntchito m'nyumba ku Blantyre kapena ku Joni amamva Chingerezi ndipo amayankhula pang'ono, koma mwina sawerenga. Mnzake amene analekezera Sitandade 6 amawerenga, koma akati ayankhule lilime limauma. Awiriwa safuna phunziro lofanana, ndipo mukawafunsa funso lophatikiza onse adzangoti inde. Pewaninso funso lomuika munthu mawu m'kamwa, monga lakuti, "Si bwino kodi kuti tizikumana masana a Lachinayi?" Ndani angakutsutseni? Mufunseni kuti ndi tsiku liti ndi nthawi yanji imene iye angamasuke, tsiku la msika kwawo ndi liti, miyezi yopalira ndi yokolola angathe kubwera kapena ayi, ndiponso ngati pali mtsinje woti aoloke nthawi ya dzinja.

Pali funso lina limene aphunzitsi amaliiwala, koma ife anamwino sitingalisiye: la maso. Munthu akapitirira zaka 40, maso amayamba kulephera kuona zilembo zing'onozing'ono zapafupi. Si matenda oopsa, ndi ukulu chabe, ndipo magalasi owerengera amathandiza. Taonapo amayi akusiya sukulu n'kumati, "Mutu wanga ndi wouma," chonsecho mutu uli bwinobwino, vuto ndi maso. Tsono funsani kuti, "Kodi ulusi mumalowetsa nokha pasingano?" Yankho lake lidzakuuzani kukula kwa zilembo zimene muyenera kulemba, komanso amene ayenera kupita kukapimitsa maso.

Mafunso ena akhale osankha, ena akhale omasuka. Osankha savuta kuwerengera, koma amangotulutsa zimene ife tinaganiza kale. Omasuka ndiwo amabweretsa zimene sitinaziganizire, monga nkhani ya foni ija. Pofuna kudziwa chimene chili patsogolo pa zinzake, sitifunikira cholembera n'komwe. Njira ya REFLECT, imene bungwe la ActionAid linayamba kuiyesa mu 1993 ku Uganda, Bangladesh ndi El Salvador, inazoloweretsa alangizi kugwiritsa ntchito miyala, njere ndi zojambula pansi. Ifenso tingayale pamphasa foni, fomu, botolo lopanda kanthu lotsukidwa bwino, buku la kuchipatala ndi lipoti la kusukulu, n'kumupatsa mayi njere 10 za chimanga kuti azigawe molingana ndi mmene chilichonse chimamuvutira. Wosadziwa kulemba amayankha mofanana ndi wodziwa, ndipo palibe amene amachita manyazi.

WOFUNSA AKHALE NDANI?

Apa m'pamene ntchito yambiri imaonongekera. Ife Amalawi tinaleredwa ndi ulemu, ndipo ulemuwo ndi wabwino, koma pa kafukufuku umabisa zinthu. Akafunsa amayi abusa kapena wapampando wa gulu, woyankha amayang'ana nkhope kuti adziwe yankho limene likufunika. Ndi bwino kuti afunse mnzake wa msinkhu umodzi, makamaka wa gulu lina. Afunsire poduka mphepo, osati pamaso pa bambo a kunyumba, apongozi kapena ana. Mayi sangavomere pamaso pa ana ake kuti lipoti lawo saliwerenga, pamene chaka chilichonse amalitenga n'kugwedeza mutu ngati walimva. Pepalalo wofunsa aziwerenga yekha mokweza ndi kulemba mawu enieni a woyankha, osawakometsa. Dzina lisalembedwe. Nambala ikwanira.

Nkhani ya dzinayi ili ndi mbali ina imene ife a ku Phalombe timaidziwa bwino. Kuyambira pa Napolo wa m'phiri la Michesi mu Marichi 1991 kufikira namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, anthu a kuno aona alendo ambiri atanyamula mapepala, ndipo aphunzira kuti kulembedwa dzina ndiko kulandira ufa, bulangeti kapena lona. Sitikuwanena ayi, ndi mavuto amene anawaphunzitsa zimenezi. Koma zotsatira zake n'zakuti mukangotulutsa pepala ndi cholembera, amabwera ndi amene alibe nazo chidwi za Chingerezi, ndipo mayankho amapendekera ku umphawi. Wodziwa kuwerenga amati sadziwa, poopa kuti angatsale pa mndandanda. Choncho mawu oyamba a wofunsa akhale omveka: "Mayi, pano sitikulemba mayina a thandizo lililonse. Palibe cholandira. Tikufuna nzeru zanu kuti tikonze maphunziro. Ngati simukufuna kuyankha, palibe mlandu." Dziwitsaninso amfumu musanayambe, kuti mphekesera isakutsogolereni.

Musanasindikize mapepala ambiri, yesani mafunsowo pa anthu atatu kapena anayi. Ife tinali ndi funso lakuti, "Mumagwira ntchito yanji?" ndipo amayi ogulitsa mandasi ndi olima mpunga kufupi ndi nyanja ya Chilwa ankati, "Sindigwira ntchito," chifukwa kwa iwo ntchito ndi ya malipiro a pamwezi. Tinalisintha n'kukhala lakuti, "Ndalama ya mchere ndi sopo mumaipeza bwanji?" Tikanasindikiza tisanayese, tikanataya ndalama ya gulu, ndipo tikanalemba kuti theka la kalasi ndi anthu ongokhala.

KUCHOKA PA MAYANKHO KUFIKA PA MAPHUNZIRO

Kuwerengera sikufuna kompyuta. Khalani atatu ndi kope limodzi. Wina aziwerenga, wina azilemba timizere, wachitatu aziyang'anira. Mayankho ofanana aikeni pamodzi, ndipo mawu amene akukhudzani alembeni mmene ananenedwera. Yankho la munthu mmodzi yekha musalitaye msanga. Nthawi zina iye ndiye walimba mtima kunena zimene anzake abisa.

Kenaka pemphani ophunzira abweretse mapepala enieni amene amawavuta, mutaphimba mayina ndi manambala a eni ake. Mapepala amenewo ndiwo buku lanu. Ife titatero, phunziro loyamba linakhala la foni. Tinalemba pabolodi uthenga wonga umene umabwera munthu akalandira ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, n'kuphunzitsa mawu ochepa okha: received, sent, balance, PIN. Tinaonjezapo mawu amene akuba amakonda kutumiza, onena kuti wapambana mphoto pa mpikisano umene sunalowe, ndi lamulo lakuti nambala yachinsinsi sauza munthu. Sabata yotsatira mabenchi anachepanso.

Phunziro lachiwiri linali la mapepala a pamabotolo ndi pamapaketi. Mawu akuti poison ndi expiry date angapulumutse moyo wa mwana m'nyumba mmene mankhwala othira m'chimanga amasungidwa pafupi ndi ufa. Tinawaonetsanso mzere wa mtundu umene umakhala m'munsi mwa pepala la mankhwala a mbewu, ndi kuti wofiira ndiwo wa mankhwala oopsa kwambiri. Lachitatu linali la fomu: surname, date of birth, next of kin, signature. Buku la kuchipatala tinalisiyira kumapeto, ndipo apa tinachenjera. Zidule zina zimene madokotala amalemba, monga bd kutanthauza kawiri patsiku ndi tds kutanthauza katatu, si Chingerezi n'komwe, zinachokera ku Chilatini. Tinaziphunzitsa, koma tinanenetsa kuti kudziwa zidule ziwiri si udokotala. Mayi asachoke pawindo lolandirira mankhwala asanafunse kamwedwe kake m'Chichewa.

Si zonse zimene anthu apempha zimene tingathe. Ena anati akufuna satifiketi yoti akapezere ntchito m'boma. Tinawauza poyera kuti kalasi ya pansi pa mtengo singapereke zimenezo, ndipo amene akufunadi ayenera kubwerera ku sukulu yolembetsa mayeso a boma. Kuli bwino munthu akhumudwe tsiku loyamba kusiyana n'kuti akhumudwe atataya miyezi 10. Koma pempho la malonje ndi kucheza ndi adzukulu sitinalikane. Tinalipatsa mphindi zoyambirira za tsiku lililonse, chifukwa ndi pamene amayi amaseka, ndipo munthu amene waseka saopa kulakwitsa.

KUFUNSANSO TITAPHUNZITSA

Pepala lachiwiri ndi lovuta kuposa loyamba, chifukwa tsopano tikufunsa za ntchito ya manja athu, ndipo mtima umafuna kuyamikiridwa. Mabungwe ambiri amagwiritsa ntchito muyeso umene Rensis Likert wa ku America anaufalitsa mu 1932, woti munthu asankhe pa masitepe asanu, kuyambira "ndikugwirizana nazo kwambiri" mpaka "sindikugwirizana nazo m'pang'ono pomwe". Kwa anthu amene anazolowera mafomu umagwira ntchito. Kwa ife kuno, amayi onse amathamangira sitepe yapamwamba, monga mlendo amene amayamikira ndiwo ngakhale zapsereza. Mukaona mapepala onse akuti "zabwino kwambiri", musakondwe. Kumbukirani kuti a m'kalasi lathu loyamba lija nawonso ankatero mpaka tsiku limene anasiya kubwera.

Njira yake ndi kufunsa mwa mtundu woti kudzudzula kusaoneke ngati mwano. M'malo moti, "Kodi phunziro linali labwino?" nenani kuti, "Pa masamba asanu awa, tikufuna kuchotsa limodzi chifukwa mapepala ndi odula. Tichotse liti?" Kapena, "Mng'ono wanu atati ayambe mawa, mungamuchenjeze kuti tsamba lovuta ndi liti?" Apa mayi sakunyoza mphunzitsi, akuthandiza mng'ono wake, ndipo amayankhula momasuka. Njere za chimanga zija zingagwirenso ntchito. Yalani masamba pamphasa, mphunzitsi atuluke panja, aliyense aike njere pa tsamba limene lamuthandiza koposa. Tsamba lotsala lopanda njere ladziweruza lokha.

Katswiri wina wa maphunziro a pantchito, Donald Kirkpatrick, analemba mu 1959 kuti poyesa maphunziro pali mafunso anayi osiyana: kodi anthu anawakonda, kodi anaphunzirapo kanthu, kodi asintha kachitidwe kawo, ndipo kodi pali phindu looneka. Ambiri timaima pa loyamba chifukwa ndi lokoma kulimva. Lachiwiri pepala la mafunso silingaliyankhe lokha. Mayi akati, "Tsopano ndimatha kudzaza fomu," mupatseni fomu yopanda kanthu, mukhale chete, muone. Tisautche mayeso, poti mawu amenewo amanjenjemeretsa ngakhale agogo. Tingoti tiyeni tiyeserere za kubanki. Ndipo kuti mudziwe ngati wasunthadi, fomu yomweyo akhale ataiyesapo sabata yoyamba, n'kuisunga. Kusikelo mwana sitimuyeza kamodzi. Timayerekeza kulemera kwa mwezi uno ndi kwa mwezi watha, ndipo mzere wa pakhadi ndiwo umatiuza ngati akukula.

Lachitatu ndi lachinayi amafuna kudikira. Pakatha miyezi itatu chitsekereni kalasi, bwererani ndi mafunso atatu okha: "Uthenga womaliza wa pafoni anakuwerengerani ndani? Chitsekereni sukulu, ndi pepala liti la m'Chingerezi limene mwathana nalo nokha? Ndi liti limene linakukanikani?" Mayi wa nandolo uja titamufunsa, anaseka n'kuti mnyamata wa pagolosale akudandaula kuti masiku ano nkhani za m'mudzi zikumudutsa. Koma ananenanso kuti fomu ya ngongole inamukanika, chifukwa mawu onena za chiongoladzanja sitinawaphunzitse. Limenelo linali dzenje m'maphunziro athu, ndipo tikanapanda kubwerera sitikanaliona.

Anthu ofunika kuwafunsa koposa onse ndi amene anasiyira panjira. Pepala logawidwa tsiku lotsekera limangofika kwa amene anapirira, ndipo amenewo ndi okhutira kale. Zili ngati namwino amene akudzitama kuti odwala ake onse obwera kudzaonedwanso akupeza bwino, osafunsa za amene sanabwerenso. Osiyawo atsatireni kunyumba, osati mowazenga mlandu, koma mocheza. Zifukwa zake mudzazipeza zosiyanasiyana. Wina bambo analetsa, wina anadwazika, wina anasekedwa atalakwitsa liwu ndipo sanafunenso kuonekera. Wina anatiuza kuti mphunzitsi ankamutchula dzina lake loyamba pamaso pa akamwini ndi adzukulu, ngati mwana wa Sitandade 1. Chimenecho sichinali m'buku, koma chinatichotsera wophunzira, ndipo kuyambira pamenepo aphunzitsi athu amaitana aliyense mwaulemu wake.

Mukamaliza kuwerengera, kanenani kwa eni ake zimene mwapeza ndi zimene musinthe. Anthu a kuno afunsidwa mafunso ndi alendo ambiri amene sanabwerenso, ndipo ena anafika potopa nazo. Ife si alendo. Tidzakumana nawo kumaliro, kuchigayo ndi kumjigo. Titaima pamaso pa kalasi n'kunena kuti, "Munati zilembo n'zazing'ono, taonani tazikulitsa, munati Disembala ndi Januwale simungathe chifukwa cha kumunda, ndiye titsekera," ulendo wotsatira mayankho anachuluka, ndipo ena anali owawa ndithu. Tinawalandira.

Pamsonkhano wanu wotsatira, mlembi abwere ndi kope ndipo aliyense abwere ndi pepala limodzi la m'Chingerezi limene linamuvutapo m'nyumba mwake. Gawanani awiriawiri, gulu lililonse lilembe mafunso atatu, kenaka muwerengerane mokweza. Funso limene aliyense angaliyankhe kuti inde, lifufuteni. Otsalawo mukawayese pa amayi atatu a m'mudzi amene sali m'gulu lanu, ndipo mudzatiuze mmene zayendera tikadzakuyenderani.